Lumbwe wa Ba Mumba Sanaikidwe

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni ba Dominiko Mumba, aja ankagwira ntchito ku mochale, kosungira mitembo, pa chipatala cha mishoni kuno ku Mpanshya. Ndakhala ndikudikira kuti tsiku lina ndilire, koma misozi sikubwera. Ndimadzuka, ndimapita kusukulu kukaphunzitsa, ndimabwerako, mumtima muli zii. Chimene chimangondibwerera ndi funso limene mwana wawo wamkazi, Agnesi, anandifunsa tsiku la maliro, tili kuseri kwa nyumba kutsuka mbale.

"Ba Ticha, imwe munali kubaziba bwino batate. Lumbwe ni ndani?"

Ndinamufunsa kuti walimva kuti dzinalo.

"Masiku otsiriza mu chipatala banali kukamba chabe ati Lumbwe akalibe kuikidwa. Tafunsa abululu onse, mpaka ku Shikabeta, kulibe amene amuziba. Manje tili na mantha, kapena kuli m'bale wathu amene tinamutaya."

Ndinamuuza kuti asade nkhawa, Lumbwe sanali wachibale, anali mnzawo wakale wa bambo ake. Sindinaname, koma zoona zake sindinazinene. Ndikanayambira pati kumufotokozera mwana wamasiye kuti bambo ake ankadandaula za munthu wolembedwa ndi pensulo papepala, ndiponso kuti amene anakana kuti munthuyo aikidwe m'manda ndi ine?

Kwa zaka zoposa makumi awiri, Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa n'kudya, tinkakumana pakhonde la nyumba yanga kusewera masewera ena a nthano. Buku la malamulo ake analisiya mzungu wina amene anadzathandizako kuchipatala kalekale. Aliyense amakhala ndi munthu wake papepala: dzina lake, ntchito yake, mphamvu zake, katundu amene wanyamula. Mmodzi amayendetsa nkhani, kunena kumene anthuwo afika ndi zimene akumana nazo, enawo n'kumanena zimene anthu awo achite. Chinthu chikakhala chovuta, monga kulumpha chigwembe kapena kulasa mdani, nambala ndiyo imagamula. Dayisi ya mzunguyo, kanthu koponya kuti nambala ituluke, inatayika msanga, ndiye tinalemba manambala m'zitsekerero za mabotolo makumi awiri, n'kumatola m'chitini maso ali kumbali. Woyendetsa nkhani ndinali ine.

Anthu ankabwera ndi kupita, aphunzitsi ndi anamwino, mpaka boma litawasamutsa. Osasuntha tinali atatu: ine, ba Sakala a ku labu ya chipatala, ndi ba Mumba. Ba Sakala ndi munthu wamtima wapachala, ndipo munthu wawo wa papepala anali msilikali wa nkhwangwa, wofanana ndi mwini wake pa chilichonse kupatula mimba.

M'buku lakalelo munali ntchito zingapo zoti munthu asankhe: msilikali, wakuba, wansembe wochiritsa, wamatsenga. Kumapeto kwenikweni, pa tsamba limodzi ndi theka, kunali ntchito ina imene palibe aliyense ankaifuna. Ba Mumba anaimasulira okha kuti woperekeza. Woperekeza sankanyamula chida ndipo sankamenya nkhondo. Ntchito yake inali kusambitsa akufa, kuwatchula dzina ndi kuwaika, chifukwa malamulo ankati wakufa wosiyidwa pamtunda akhoza kudzuka n'kuyamba kuvutitsa amoyo. Lumbwe anali woperekeza. Ba Mumba sanaseweretsepo munthu wina aliyense.

Anali bambo wamtali, woonda, wa malaya oyera ositidwa bwino ngakhale akupita kukagayitsa chimanga. Manja ankawaika kumbuyo nthawi zonse. Poyamba ndinkati ndi matama a anthu akale a kumishoni, mpaka ba Sakala atanditsina khutu: anthu sankafuna kugwirana chanza ndi munthu wa ku mochale, ndiye iwo anazolowera kubisa manja kuti asamachititse anzawo manyazi. Kumaukwati ndi kumisonkhano ankapita ndi kapu yawoyawo yachitsulo, yomangirira pa handulo ya njinga. Kumsika kunali manong'onong'o akuti amapereka madzi osambitsira mitembo kwa ofuna zizimba. Anthu omwewo maliro akawagwera ankathamangira kwa ba Mumba, kuwachonderera kuti awakonzere bwino mayi awo.

Iwo sankadandaula nazo, kapena ngati ankadandaula sitinamvepo. Ankakonda kunena kuti pa zaka zonse za ntchito yawo palibe wakufa amene anawatukwanapo, ovuta anali amoyo oima pakhomo. Ankanenanso kuti ukayang'ana mapazi a munthu umadziwa ntchito imene ankagwira. Anamwino ankati ukadutsa kuseri kwa mochale unkamva ba Mumba akulankhula pang'onopang'ono, kuuza wakufa chimene akufuna kuchita: kuti tsopano akumutembenuza, kuti madzi azizira pang'ono awakhululukire. Aliyense ankamupatsa ulemu wa "ba", ngakhale khanda.

Kubwera kwawo pakhonde langa kunali kwapang'onopang'ono. Milungu itatu yotsatizana anaimitsa njinga pampanda n'kumamvetsera, manja kumbuyo, ngati munthu wodikira minibasi. Ba Sakala ndiwo anatopa nazo.

"Ba Mumba, mwaima apo monga mlonda. Ngenani olo muyende!"

Analowa. Anabwereka buku, n'kubwera nalo Lamulungu lotsatira atalikutira ndi pepala la kalendala, Lumbwe atalembedwa kale m'zilembo zazing'ono zoongoka. Tsiku limenelo ndinawathirira tiyi m'kapu ya m'nyumba, osaganiza kanthu. Anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ku njinga kumene kunali yawo. Ndinawauza kuti tiyi akuzizira. Anamwa. Kuyambira pamenepo kapu yachitsulo ija inkatsala pa handulo, ndipo mtedza tinkatapa m'mbale imodzi.

Koma ndisawapange mngelo ba Mumba. Pa tebulo anali munthu wotopetsa kwabasi. Anzawo akapha adani n'kufuna kuthamangira kutsogolo, iwo ankakweza chala. Ndimakumbukira tsiku limene msilikali wa ba Sakala anagwetsa zigawenga zisanu pa mlatho. Ine ndinali nditakonza linga lalikulu kutsidya, lokhala ndi chinjoka m'kati, ndipo ndinali nditathera Loweruka lonse ndikulijambula.

"Ba Mumba, aba ni vigawenga," anatero ba Sakala. "Banali kufuna kutipaya! Tiyeni tiyende."

"Banali kufuna. Manje sibafuna chilichonse. Ba Ticha, uyu wachitatu dzina lake ndani?"

Ndinkayenera kupeka dzina pomwepo, ndi mudzi wake, ndi ngati anali ndi ana. Lumbwe ankatunga madzi, kusambitsa mmodzimmodzi, kufunsa kumene kuli kumadzulo, kukumba. Ba Mumba ankafotokoza zonsezi osadumpha kanthu, ngakhale kutseka pakamwa ndi kansalu. Dzuwa linapendeka tili pa mlatho pomwepo. Ba Sakala ananyamuka osatsanzika, n'kulumbira kuti sadzabweranso. Lamulungu lotsatira anali oyamba kufika.

Kamodzi kokha ba Sakala anapambana mkanganowo. Anakokera gulu lonse kutsogolo, mtembo wa mlonda wina n'kuusiya m'ngalande. Ndinatsata buku: ndinatola chitsekerero, nambala inatuluka yoipa, ndipo mlonda uja anadzuka n'kudzapha hatchi ya ba Sakala. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona ba Mumba akuseka mpaka kupukuta m'maso. Kwa zaka khumi zotsatira, akakumana ndi ba Sakala panjira ankawafunsa mwaulemu ngati hatchi yadzuka bwino.

Tsono kunabwera Mwila, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Lusaka, munthu wansangala, wopanda choipa mumtima. Atamva kuti kumudzi kuno kuli anthu osewera masewerawa sanakhulupirire. Ataona buku lathu anaseka, nati limeneli ndi la makedzana, anthu analilembanso kawiri konse. Atabwerako ku tchuthi anatibweretsera latsopano, lonenepa, la zithunzi zamitundu, pamodzi ndi kathumba ka madayisi enieni onyezimira.

Apa ndi pamene tinalakwira, ndipo tinalakwa mwauphunzitsi. Ife kusukulu silabasi yatsopano ikabwera sitifunsa. Mabuku akale timawamanga ndi chingwe n'kuwatsekera m'kabati, ndipo wophunzitsa zakale ndiye kuti akuwononga ana. Ba Sakala nawonso ku labu, malangizo atsopano akafika akale aja amachotsedwa pakhoma tsiku lomwelo. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza kuti masewera a pakhonde alibe woyendera masukulu. Tinaona buku latsopano, tinati lakale latha ntchito.

Lamulungu limenelo tinakhala pansi kusamutsa anthu athu. Msilikali wa ba Sakala analowa m'buku latsopano mosavuta, n'kupatsidwa mphamvu zina zowonjezera, mwini wake akumwetulira ngati wakwezedwa pantchito. Ba Mumba anapempha buku. Anavala magalasi, natsata mndandanda wa ntchito ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anabwereza. Anatsegula kumapeto, kumene m'buku lakale kunali tsamba lawo limodzi ndi theka, napeza zithunzi za malupanga.

"Mulibe," anatero.

Mwila, amene ankawaitana ba shikulu monga amalemekezera akuluakulu kwawo, anasendera pafupi kuti athandize.

"Ee, uja banamuchotsa, ba shikulu. Kunalibe anthu omusankha. Manje akufa sibauka okha, mungabasiye chabe. Koma osadandaula, muli wina wamene apalana na wanu." Anatsegula tsamba lina. "Uyu apa, wamatsenga wa akufa. Ni wamphamvu maningi. Amautsa mitembo kuti imumenyere nkhondo."

"Amautsa mitembo."

"Ee."

"Kuti imusebenzere."

"Ndiye so, ba shikulu. Muzamukonda."

Ba Mumba anavula magalasi n'kuwapinda.

"Kuno kwathu munthu wotero ali na dzina lake. Banakamba kale ku maliketi ati ndine ameneyo."

Ba Sakala anayang'ana pansi. Mwila anayang'ana ine, osamvetsa chimene walakwa. Iye sankadziwa za manong'onong'o aja, koma ine ndinkadziwa. Kenako ba Mumba anatembenukira kwa ine.

"Ba Ticha, imwe ndimwe muyendetsa nkhani. Lumbwe akhala olo achoka?"

"Buku yasintha, ba Mumba. Tifunika kukonkha yamanje. Sankhani wansembe, naye ni munthu wabwino."

"Chabwino. Nipempha chabe chinthu chimodzi. Mutipatse Sande imodzi, Lumbwe afe bwino, timuike. Waika anthu ambiri. Munthu samangosowa monga mbuzi."

Linali pempho laling'ono. Koma ine ndinaona masana onse akuthera pa maliro, madayisi atsopano ali patebulo osagwiritsidwa ntchito, Mwila atakonza kale munthu wake woyamba. Ndipo ndinene zoona: ndinali nditatopa. Zaka makumi awiri za kupeka mayina a zigawenga zinandikwana, ndipo bukulo linangondipatsa pobisalira.

"Mu buku iyi mulibe malamulo a maliro," ndinatero. "Tizakamba chabe kuti Lumbwe anayenda ulendo."

"Ulendo wa kuti?"

Anadikira pang'ono, kenako anapinda pepala la Lumbwe kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. Sanakweze mawu ndipo sananyamuke. Anakhala mpaka masewera atatha, akutisendera mtedza.

Anabweranso Lamulungu lotsatira, ndi linalo, ndi linalo. Ankakhala pamalo pawo osasewera, kumangomvetsera. Adani akagwa n'kusiyidwa pamsewu, chala chawo chinkasuntha patebulo koma sichinkakwera. Ulendo wachitatu nditabweretsa tiyi ndinapeza atamasula kale kapu yachitsulo ija ku njinga, ataiika patsogolo pawo. Ndinathira momwemo. Kuyambira tsiku limenelo sanabwerenso.

Masewera anayamba kuthamanga. Chinjoka chimene kale chikanatitengera miyezi iwiri tinachipha masana amodzi. Tinkaseka kwambiri, ndipo sindinganame kuti sindinkasangalala. Ba Mumba ndinkakumana nawo pakhomo la tchalitchi. Ankandipatsa moni mwaulemu wonse, manja kumbuyo, n'kufunsa ngati nkhani ikuyenda. Ndinkati ikuyenda. Ankati zikomo, n'kukankha njinga yawo.

Patapita miyezi ingapo ndinakhala pansi kuwerenga masamba oyambirira a buku latsopanolo, aja amene aliyense amawadumpha. Analembamo momveka bwino kuti woyendetsa nkhani ali ndi ufulu wosintha lamulo lililonse, ngakhale kutenga zimene gulu lake limakonda m'mabuku akale. Nditamuonetsa Mwila anati inde, ku Lusaka kuli ena amene mpaka lero amasewera lakale lomwelo, iye ankayesa kuti tikudziwa. Choncho panalibe chimene chinachotsa Lumbwe patebulo langa kupatula pakamwa panga.

Ba Mumba anali adakali moyo pamene ndinawerenga zimenezo. Kwawo ndi ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi, kudutsa pa chigayo n'kukhotera kumanzere. Ndinati ndipita mayeso akatha. Mayeso atatha kunagwa mvula, kenako kunali kupalira, kenako kukolola. Chimene chinkandiletsa chinali manyazi, poti mphunzitsi wamkulu ngati ine ndikagwade pakhomo la munthu kupepesa za pepala. Ndinazengereza chaka chathunthu ndi miyezi. Kenako ndinamva kuti agwa m'munda mwawo ndipo awagoneka kuchipatala. Ndinapitako kamodzi, ndinawapeza ali m'tulo, ndinasiya malalanje kwa Agnesi n'kubwerera. Anamwalira patapita masiku anayi. Wowasambitsa anali bambo amene analowa m'malo mwawo ku mochale, amene anaphunzitsidwa ntchito ndi iwo omwe, ndipo anamwino akuti anamumva akuwauza kuti madzi azizira pang'ono.

Tikusewerabe, atatu: ine, ba Sakala ndi Mwila. Lamulungu lapitali dayisi inawakana ba Sakala katatu kotsatizana, ndipo msilikali wawo, amene akhala naye kuyambira tsitsi lawo lili lakuda, anagwa pamsewu wopita ku linga n'kufa. Tonse atatu tinatembenukira mbali imodzi ya tebulo, ngati pali wina woti akweze chala.

"Manje tichita naye bwanji?" anafunsa ba Sakala.

Mwila anatsegula buku, nafufuza, nati limangonena kuti wosewera atenge pepala latsopano alembe munthu wina. Anawapatsa pepalalo ndi pensulo. Ba Sakala sanalandire.

"Ali pa msewu," anatero. "Tingamusiye chabe pa msewu?"

Anali kufunsa ine, woyendetsa nkhani. Ndikanatha kupeka chilichonse, ufulu wake ndikuudziwa tsopano. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za kutunga madzi, ndipo ndinapeza kuti sindikudziwa chimene chimayamba, mutu kapena mapazi. Ndinamva zimenezo kwa zaka makumi awiri, koma nthawi zonse ndinkakhala ndikuganiza za linga la kutsogolo. Tinalekera pomwepo. Ba Sakala anapita kwawo dzuwa likadali pamwamba, pepala la msilikali wawo n'kulisiya patebulo.

Ba Mumba ankakhala kumapeto kwa khonde, mbali ya kumpanda, pamene dzuwa la masana limafika poyamba. Anasankha okha malo amenewo poti ndi otentha, palibe wina akanawafuna. Mpando wawo ndi wa matabwa, wopanda chotsamira, mwendo umodzi waufupi. Pasimenti pali timaenje tiwiri pamene miyendo yakutsogolo inkakanda iwo akamasendera kuti aone mapu. Atasiya kubwera ndinakankhira tebulo kukhoma kuti lisamaoneke lalikulu, mpando n'kuusiya kunja kwake, ndipo chaka chino ndasanjikapo matumba awiri a chimanga odikira kuthiridwa mankhwala. Mmawa uno ndinawatsitsa, ndinapukuta mpandowo, ndinakokera tebulo pakati monga kale. Pepala la ba Sakala likadali pomwepo, ndalitsindika ndi mwala kuti lisauluke. Ndaima pakhomo nthawi yaitali ndikuyang'ana mbali imeneyo, ndipo palibe amene akundifunsa dzina la munthu wagona pamsewuyo.